Manja amene si anu: mmene amapangira animeshoni ya mikono ndi mfuti m'magemu

Mukamasewera gemu ngati Counter-Strike kapena Call of Duty, munthu amene mukumuyendetsayo simumuona nkhope. Simumuona msana, ndipo nthawi zambiri ngakhale miyendo yake simuiona. Zimene muli nazo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto ndi mikono iwiri ndi mfuti, m'munsi mwa sikirini chakumanja. Adani amabwera n'kupita, misewu ndi nyumba zimasintha, koma manja amenewa sakusiyani. Opanga magemu amatchula mikono ndi chida chimenechi kuti viewmodel. Ndakhala maola ochuluka ndili chiweramire pa Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D ndi animeshoni, kuyesa kuti manja oterewa akhale amoyo, ndipo ndinapeza kuti ntchitoyi ili ndi malamulo akeake, ena otsutsana ndi zimene munthu amaphunzira akamayamba animeshoni.

Kale zinali zithunzi basi. Mu Wolfenstein 3D ya 1992 ndi Doom ya 1993, zonse za kampani ya id Software ya ku America, mfuti inali chithunzi chafulati pakatikati m'munsi mwa sikirini, ndipo kuwombera kunali kusinthanitsa zithunzi zingapo mofulumira. Manja a mu Doom ndi a munthu weniweni, Kevin Cloud, mmodzi wa ojambula a kampaniyo, ndipo zina mwa mfuti zake zinajambulidwa kuchokera ku zidole za ana. Quake ya 1996 inabweretsa zida za 3D. Kenako Half-Life ya 1998 inabwera ndi mamodelo okhala ndi mafupa mkati, komanso chizolowezi chimene chimaulula chinsinsi cha ntchito yonseyi: mfuti imodzi inali ndi mamodelo atatu. Ya dzina loyamba ndi w_ ndi imene mumaiona ili pansi. Ya p_ ndi imene mumaiona m'manja mwa munthu wina. Ya v_ ndi yanu nokha, imene palibe wina aliyense m'gemumo angaione.

N'chifukwa chiyani anavutikira kupanga zitatu? Chifukwa ya v_ imapangidwira diso limodzi lokha, la kamera, ndipo diso limenelo silisuntha pamalo pake. Mutati mukoke kamera n'kuyang'ana viewmodel cham'mbali mungadabwe. Palibe mutu, palibe chifuwa. Mikono imathera pamapewa, ikulendewera m'malere. Nthawi zina phewa lakumanzere lili kutsogolo kwambiri, pamalo pamene phewa la munthu silingafike, kuti dzanja likwanitse kugwira kutsogolo kwa mfuti yaitali. Chigongono chikhoza kupindika mwa njira imene ikanathyola munthu. Zonsezi si zolakwika malinga ngati kamera sikuziona. Wophunzira amataya nthawi yambiri kukonza zimene zili kunja kwa sikirini, pamene chala chachikulu, chimene chili pamphuno pa wosewera, chalowa mkati mwa chitsulo.

Choncho ntchito yoyamba, musanagwire fupa lililonse, ndi kukhazika kamera. Muiike pamene pakanakhala maso a munthuyo, muikhome kuti isasunthe, ndipo zenera limodzi la pulogalamu yanu likhale loonera m'kamerayo nthawi zonse. Musankhenso kukula kwa malo amene kamera ikuona, kumene amati FOV, ndipo kufanane ndi kwa m'gemu. Apa pali msampha. Magemu ambiri amajambula dziko ndi FOV ina, mikono ndi FOV inanso. Mu Counter-Strike: Global Offensive dziko linkaoneka pa madigiri 90, koma viewmodel wosewera ankatha kuisintha pakati pa 54 ndi 68 basi. Chifukwa chake n'chakuti FOV ikakula, zinthu zapafupi zimatamuka: mfuti imatalika ngati nsungwi, mikono n'kuonda. Mukapanga animeshoni yanu pa FOV ina kenako gemu n'kuionetsa pa ina, mapewa odukaduka aja amatulukira poyera, kapena magazini (chosungira zipolopolo) imene munaibisa m'munsi imaonekera.

Palinso nkhani ya makoma. Mfuti imatulukira kutsogolo kwa kamera, ndiye wosewera akayandikira khoma iyenera kulowa m'khomamo. Magemu ambiri amathetsa vutoli mwachinyengo: amajambula dziko lonse kaye, kenako n'kujambula mikono pamwamba pake ngati kuti palibe chimene chingaitchinge. Ena amachepetsa viewmodel yonse n'kuikokera pafupi kwambiri ndi kamera, moti mfuti imene ikuoneka yaikulu pasikirini ili ngati kachidole m'dziko la gemuyo. Iyi ndi ntchito ya wolemba pulogalamu, koma wa animeshoni ayenera kudziwa njira imene yasankhidwa asanayambe.

Tsopano mafupa. Modelo ya mkono ndi khungu chabe, ndipo kuti iyende mumaiikira mafupa mkati, ntchito imene amati rigging. Dzanja la munthu lili ndi mafupa 27, koma la m'gemu silifuna onsewo. Kawirikawiri chala chilichonse chimapatsidwa atatu, kenako limodzi la chikhatho, la mkono wam'munsi ndi la mkono wam'mwamba. Ine ndimawonjezera ena mkati mwa chikhatho kumbali ya zala ziwiri zakumapeto, chifukwa dzanja likamagwira chinthu chozungulira chikhatho chimapindika ngati mukukapa madzi, ndipo popanda mafupa amenewa chimakhala gwa ngati thabwa. Chinanso chosaiwala ndi mafupa opotokola. Tembenuzani dzanja lanu, chikhatho chiyang'ane kumwamba kenako pansi, muone: kupotokolako sikuchitikira pamfundo ya dzanja pokha, kumagawikana mumkono wonse mpaka kuchigongono, chifukwa muli mafupa awiri amene amapingasana. Mukaika fupa limodzi lokha, modelo imafinyika pamfundopo ngati pepala la switi. Fupa limodzi kapena awiri apakati, otenga gawo la kupotokolako, amathetsa zimenezi. Mfuti nayo imakhala ndi mafupa ake: lalikulu lonyamula yonse, la magazini, la boliti (chitsulo chimene chimapita kumbuyo n'kubwerera kutulutsa khoko ndi kulowetsa chipolopolo china), la kachitsulo kowombera, ndi timalo tosonyeza potulukira moto ndi potulukira makoko a zipolopolo.

Pali njira ziwiri zoyendetsera mkono. Ya FK ndi yoyambira kumtunda: mumatembenuza phewa, kenako chigongono, kenako dzanja. Ya IK ndi yoyambira kumapeto: mumaika dzanja pamene mukufuna, kompyuta n'kuwerengera yokha mmene chigongono chipindikire, inu n'kungochilozera koyang'ana. Pa viewmodel pafupifupi zonse zimachitika ndi IK, ndipo pali chinthu chimene chimaoneka ngati chozondoka. M'moyo dzanja ndilo limanyamula mfuti. Mu rig, mfuti ndiyo imanyamula dzanja. Mumasuntha fupa la mfuti, manja onse awiri n'kumatsatira atamamatira pamalo pawo. Zikanakhala kuti mfuti ikutsata dzanja lamanja, kugwedezeka kulikonse kwa chigongono kukanasuntha mfuti, ndipo lamanzere likanamatsetsereka pachitsulo.

Dzanja lamanja silivuta kwenikweni, limakhala pachogwirira nthawi zambiri. Lamanzere ndilo lapaulendo. Pa kusintha magazini kumodzi limachoka kutsogolo kwa mfuti, kugwira magazini yakale, kuichotsa, kutsika, kubwera ndi yatsopano, kuilowetsa, kukoka boliti, n'kubwerera. Magazini nayo imasintha mwini: poyamba ndi ya mfuti, kenako ya dzanja, kenako ya mfutinso. Mu Blender izi zimachitika ndi constraint (lamulo lomangirira chinthu ku chinzake) yotchedwa Child Of, imene mphamvu yake mumaiyatsa ndi kuizimitsa pa fulemu imene mwasankha (fulemu ndi chithunzi chimodzi mwa zambiri zimene zimapanga animeshoni).

Apa ndi pamene ndinakhalitsapo nditangoyamba. Ndinaika mphamvuyo pa 1 pa fulemu ina, pa 0 patapita mafulemu angapo, ndipo pulogalamu inadzaza pakatipo pang'onopang'ono monga imachitira ndi china chilichonse. Magazini inachoka m'dzanja n'kuyandama yokha, theka ikumvera dzanja theka ikumvera mfuti, kudutsa m'zala. Ndinakonza zala kwa masiku awiri pamene vuto silinali zala. Kusintha mwini kuyenera kuchitika pa fulemu imodzi yokha, mosadutsa pakati, ndipo pa fulemu yomweyo muyenera kulemba malo enieni amene chinthucho chili, apo ayi chimadumpha. Ambiri amaikanso magazini awiri mu rig, yakale ndi yatsopano, kapena amagwiritsa imodzi yomweyo n'kuitsitsa kunja kwa sikirini kuti wosewera aganize kuti yasinthidwa.

Koma zonsezi ndi zida chabe. Phata la ntchitoyi ndi nthawi.

Aliyense wophunzira animeshoni amauzidwa kuti chinthu chisanachitike thupi limayamba lakonzekera. Taonani munthu akulima. Khasu lisanagwe pansi limayamba lakwera m'mwamba, msana n'kuwongoka, mapazi n'kuponda zolimba. Kukwerako ndiko kumatiuza kuti khasulo n'lolemera komanso kuti ligwa ndi mphamvu. Mu filimu ya zidole, wojambula amatalikitsa kukonzekerako mmene angafunire. Mu gemu ya mtundu uwu alibe mwayi umenewo. Wosewera akadina batani, chipolopolo chituluke pompo. Mukaika ngakhale mafulemu atatu okonzekera, iye sanganene kuti animeshoni yachedwa, adzangomva kuti gemuyo ndi yolemera m'manja ndipo sikumumvera. Ndiye kulemera konse kumene mukanakuika patsogolo muyenera kukusamutsira kumbuyo. Fulemu yoyamba ya kuwombera imayamba mfuti itakankha kale, ili pafupi ndi pachimake pa kudumpha kwake. Luso lonse lili pa kubwerera: mmene ikutsikira, kupitirira pang'ono pamalo pake, kugwedera, n'kukhazikika. Kwa wolima uja ndi ngati mwangoonetsa khasu litalowa kale m'dothi, ndipo mapewa akunjenjemera ndi amene akutiuza kuti linali lolemera.

Ndipo malo ochitira zimenezi ndi ochepa zedi. AK-47 imatulutsa zipolopolo pafupifupi 600 pa mphindi, kutanthauza 10 pa sekondi. Ngati mukugwira ntchito pa mafulemu 30 pa sekondi, pakati pa chipolopolo ndi chinzake muli ndi mafulemu atatu okha. M'mafulemu atatuwo boliti ipite kumbuyo n'kubwerera, khoko lituluke, mfuti ikankhe. Mchira wautali wa kukhazikika uja umaoneka pokhapokha wosewera akasiya batani, koma uyenera kukhalapo, chifukwa ndi umene umatsala m'maso mwake.

Kusintha magazini ndiko kumapatsa wa animeshoni mpata wopumira, ngakhale nthawi yake saisankha yekha. Wokonza malamulo a gemu amanena kuti mfuti iyi itenge nthawi yakuti, chifukwa nthawi imene wosewera alibe chodzitetezera ndi gawo la mphamvu ndi kufooka kwa chidacho. Tiyerekeze wapereka masekondi awiri ndi theka. Amenewo ndi mafulemu 75, ndipo simungapemphe ena. Ndimayamba ndi maimidwe akuluakulu okha, osadzaza pakati: mfuti yapendekeka, dzanja lagwira magazini, magazini yatuluka, yatsopano yafika pakhomo, yalowa, dzanja lili pa boliti, tabwerera. Ndimaseweretsa zithunzi zodumphadumphazi kambirimbiri, ndikusuntha ichi mafulemu awiri kutsogolo, icho limodzi kumbuyo, mpaka kamvekedwe kake katakhala bwino ngati ng'oma. Ngati sizikukoma pamenepa, kusalaza kwa pambuyo sikungazipulumutse. Mbali zonse zisathamange mofanana. Dzanja lopanda kanthu limauluka. Dzanja lonyamula magazini yodzaza limachedwerapo, limafika pakhomo, kuima kanthawi kochepa ngati likufunafuna, kenako kha!

Pa kha ameneyo mfuti yonse iyenera kuyankha. Ichi ndicho chimasiyanitsa ntchito ya wophunzira ndi ya katswiri. Magazini ikamenya, mfuti ikankhike m'mwamba ndi cham'mbali kwa fulemu imodzi kapena ziwiri, dzanja lamanja lilimbane nayo kuibwezera, ndipo kamera nayo igwedezeke pang'ono kwambiri. Ndikuti pang'ono kwambiri chifukwa kamera ndi mutu wa wosewera, ndipo mukaigwedeza mopitirira ena amachita chizungulire ndi nseru. Zala zisafike zonse nthawi imodzi. Chamkombaphala chiyambe, zinazo zitsatire mochedwa ndi fulemu imodzi, chaching'ono chimalize. Ndipo pasakhale chinthu choima chilili. Ngakhale pamene mfuti yangogwiridwa kudikira dzanja lamanzere, izipitirirabe kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumene imapita. Zoterezi zimakonzedwa mu Graph Editor, gawo la Blender loonetsa kayendedwe ka mafupa ngati mizere, mzere ndi mzere, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuti zonsezi zikhale zoona muyenera kudziwa mmene chidacho chimagwirira ntchito, chifukwa mfuti sizifanana. Tengani AK ya Mikhail Kalashnikov, yomwe ija ili pa mbendera ya Mozambique. Magazini yake ya zipolopolo 30 silowa molunjika. Mumayamba mwakola kutsogolo kwake, kenako n'kuipendeketsera kumbuyo mpaka itakhoma, ndipo pochotsa chala chachikulu chimakankha kachitsulo kamene kali kumbuyo kwake. Zipolopolo zikatha, boliti yake sitsalira kumbuyo, ndiye muyenera kukoka chokokera, chimene chili kudzanja lamanja la mfutiyo. Dzanja lamanzere likafike bwanji kumeneko? Lidutse pamwamba, kapena pansi, kapena mfuti ipendekeke? Chisankho chimenechi chokha chimasintha khalidwe la munthuyo. M4 ndi ina: chala chamkombaphala chakumanja chimadina batani, magazini n'kugwa yokha, yatsopano imalowa molunjika, ndipo boliti imene inatsalira kumbuyo imamasulidwa pomenya kachitsulo ka kumanzere. N'chifukwa chake magemu ambiri amakono ali ndi animeshoni ziwiri zosinthira magazini, ina ya pamene mfuti yatheratu, ina yaifupi ya pamene chipolopolo chimodzi chikadali mkati.

Nkhani ya chokokera cha kumanja ili ndi mbiri yake. Mu Counter-Strike yoyambirira, imene Minh Le ndi Jess Cliffe anaiyamba mu 1999 ngati mod, kutanthauza gemu yopangidwa posintha Half-Life, mfuti inkaoneka kumanzere kwa sikirini. Kuti ioneke kumanja, modelo inkangotembenuzidwa ngati pagalasi, ndiye osewera mamiliyoni anazolowera AK yotulutsa makoko kumanzere. N'zolakwika kwa wodziwa mfuti, koma taonani phindu lake: mbali imene ili ndi zoyenda zonse ndiyo inayang'ana kwa wosewera. Ine sindingalangize munthu kutembenuza mfuti lero, osewera a masiku ano amaona msanga. Koma funso limene lili pansi pake likadalipo pa fulemu iliyonse: kodi chimene chikuchitikachi chikuoneka? N'chifukwa chake munthu wa m'gemu amakweza ndi kupendeketsa mfuti posintha magazini kuposa mmene msilikali weniweni angachitire.

Mavidiyo a anthu owombera alipo ambiri pa YouTube, ndipo kuwachedwetsa kumaphunzitsa zambiri. Koma amajambulidwa cham'mbali, osati kuchokera m'maso. Ine ndinamangirira foni pachipumi ndi mpango, ndinatenga chidutswa cha paipi yachitsulo n'kumangirirapo theka la njerwa kuti chilemere, ndipo kabokosi kathabwa kanakhala magazini. Nditaonera vidiyoyo ndinaona chimene sindikanachiganiza: dzanja lamanzere likangochoka, kutsogolo kwa paipi kumagwa pang'ono, dzanja lamanja n'kukubweza mochedwa. Kugwa kochepako nditakuika mu animeshoni, mfuti inayamba kulemera.

Si zonse zimene mumaona m'gemu zopangidwa ndi manja. Mfuti ikamatsalira pang'ono mukatembenuka, ikamavina mukamayenda, ikamakwera ndi kutsika ngati munthu akupuma, nthawi zambiri imeneyo ndi pulogalamu ikuwerengera pomwepo, kapena animeshoni yaing'ono yosanjikizidwa pamwamba pa inayo. Doom yomwe ija inali kale ndi kuvina kwa mfuti poyenda. Kuti zosanjikizazi zigwirizane, animeshoni iliyonse, kaya yotulutsa mfuti, yowombera, yothamanga kapena yongoiyang'anitsitsa chida monga inabwera mu Global Offensive mu 2013, iyambire ndi kuthera pa kaimidwe kamodzi komweko, osasiyana ngakhale pang'ono. Kukasiyana, manja amadumpha pamalumikiziro. Poyang'anira pa zolozera za mfuti ndiye sipafuna chifundo: cholozera chakumbuyo, chakutsogolo ndi pakatikati pa sikirini zikhale pamzere umodzi, ndipo kugwedeza konse kuchepetsedwe kwambiri, chifukwa apa wosewera akuloza ndi modelo yanuyo.

Potumiza ku injini ya gemu, pulogalamu imene gemu imamangidwiramo monga Unity, Unreal kapena Godot, pali timisampha tambiri koma todziwika. Injini sidziwa za Child Of kapena IK ya mu Blender, ndiye zonse ziyenera kuphikidwa, kutanthauza kulemba malo a fupa lililonse pa fulemu iliyonse, musanatulutse fayilo ya FBX kapena glTF. Blender imayamba pa mafulemu 24 pa sekondi, musinthe musanaike kiyi yoyamba (kiyi ndi chizindikiro chosunga malo a fupa pa fulemu). Blender ndi Unity zimayeza m'mamita pamene Unreal imayeza m'masentimita, ndipo apa ndi pamene pamachokera mikono yokula kapena kuchepa ka 100. Kumwamba kwa Unity ndi Godot ndi Y, kwa Blender ndi Unreal ndi Z. Zikalowa bwino, mumaika zizindikiro pamzere wa nthawi, zimene Unreal imati Anim Notify ndipo Unity imati Animation Event: apa pamveke kutuluka kwa magazini, apa kulowa kwake, apa nambala ya zipolopolo isinthe. Chizindikiro chomalizachi n'chachikulu kuposa mmene chimaonekera. Osewera a Call of Duty anaphunzira kalekale kuti nambala ikangosintha akhoza kudula animeshoni yotsalayo n'kupitiriza nkhondo. Chiikeni pamene magazini yakhoma, pamene diso ndi khutu zikuvomereza kuti ntchito yatha.

Manjawa amanenanso za munthu amene simumuona uja. Far Cry 2 ya 2008, imene nkhani yake imachitikira m'dziko longopeka la mu Africa, inapatsa munthu wake malungo. Matenda akamugwira, maso amachita chidima, ndipo mumaona manja akutulutsa kabotolo ka mankhwala. Mapu amawagwira m'manja ngati pepala lenileni, ndipo mfuti yakale ikakanirira, manja omwewo amalimbana nayo adani akubwera. Kwa ife amene tinagonapo ndi malungo, manja amenewo safuna womasulira.

Komabe samalani ndi zokometsera. Animeshoni yosintha magazini wosewera adzaiona maulendo masauzande. Kuzungulitsa magazini m'malere kumasangalatsa ulendo woyamba, pofika wa makumi asanu kumatopetsa. Ndikamaliza, sindiiweruza mu Blender. Ndimailowetsa m'gemu, kuyatsa phokoso, n'kusewera kwa theka la ola ndikuthamanga, kudumpha, kusintha magazini pakona ndi pakhoma, kuidula pakati posintha chida. Pamene diso langa lakodwa ndimalemba nambala ya fulemu papepala. Ulendo wathawu panali manambala atatu, ndipo awiri mwa iwo anali a chala chachikulu chakumanzere, pamene chikusiya magazini kupita ku boliti.